Kuweta Buluzi mu Blantyre: M'bokosi Kapena Pampanda?

 Lero tikambirana za chiweto chimene agogo athu akanamva kuti mdzukulu wawo akuchisunga m'nyumba, akanaitanitsa eni mbumba kuti adzaone chimene chalakwika. Ndikunena buluzi.

Musaseke. Kunja kuno kuli anthu amene amapisa m'thumba kugula buluzi, n'kumukonzera nyumba yagalasi pabalaza, n'kumupatsanso dzina. Ana athu akuziona zimenezi pa foni tsiku ndi tsiku, ndipo ena ayamba kale kulirira makolo kuti nawonso akufuna wawo. Mwana amene akudziwa kuti bambo ake sangazimve savutika n'kupempha. Amangozungulira kuseri kwa nyumba, kutola nanzikambe pampanda, n'kumuponya m'chigubu.

Tiyambe ndi wakunjayo. Buluzi amene ana ambiri a ku America amayambira kuweta amatchedwa anole. Mitundu yake ilipo yopitirira 400, ku America ndi m'zilumba za Caribbean, koma wotchuka m'masitolo a ziweto ndi wobiriwira wa kum'mwera chakum'mawa kwa United States, m'madera monga Florida ndi Georgia, amene asayansi amati Anolis carolinensis. Ndi kanyama kowonda, sikapitirira masentimita 20, ndipo gawo lalikulu la utaliwo ndi mchira. Wamphongo ali ndi kachikopa kofiirira kukhosi kamene amakatambasula poopseza mnzake kapena pokopa wamkazi, uku akugwedeza mutu monga amachitira gulo wathu. Khungu lake limasintha, pena lobiriwira pena lodera, n'chifukwa chake ogulitsa akhala akumutcha nanzikambe wa ku America, chonsecho si nanzikambe ayi. M'zaka za m'ma 1950 ankagulitsidwa kuzionetsero zoyendayenda atamangidwa kachingwe m'khosi, koti mwana akolowekere pamalaya n'kumayenda naye. Ochuluka sankakhalitsa.

Tsoka la anole ndi kutchipa kwake. Chinthu chikatchipa, wogula saganiza kuti chikalowa m'nyumba chiyamba kudya ndalama. Komatu zofunika kuti kabuluzi kameneka kakhale ndi moyo zimaposa mtengo wake kangapo konse.

Poyamba khola. Anole ndi wa m'mitengo, sakonda pansi, motero khola lake lifunika lalitali chokwera, masentimita 60 kapena kuposa, lokhala ndi nthambi ndi zomera zamasamba zoti azibisalamo, pamwamba pali waya wolowa mpweya. Amphongo awiri m'khola limodzi ndi nkhondo yosatha, mpaka wofookayo asiye kudya. Kenako kutentha. Buluzi sapanga kutentha m'thupi mwake monga ife, amachita kubwereka kudzuwa. Akazizidwa chakudya sichigayika m'mimba. Ndiye pakona imodzi pamayenera kukhala babu lotenthetsa malowo kufika madigiri 30 kapena kupitirira pang'ono, kona ina n'kukhala yozizirirapo, kuti mwini wake azisankha yekha pokhala. Madzi nawo ali ndi mwambo wake. Mukamuikira m'mbale, kawirikawiri sawayang'ana n'komwe. Kwawo amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba, choncho woweta amapopera madzi pamasambawo m'mawa ndi madzulo. Pali abuluzi amene afa ndi ludzu mbale ili yodzaza pambali pawo.

Koma chimene chimapha ambiri mwakachetechete ndi kuwala. M'dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso, chotchedwa UVB. Chikagunda khungu la buluzi, thupi limapanga vitamini D, ndipo vitamini ameneyu ndiye amathandiza kuti kashiamu wa m'chakudya alowe m'mafupa. Vuto ndi lakuti galasi la pawindo limatchinga cheza chimenechi. Munthu amaika bokosi pafupi ndi windo, dzuwa likuwala bwinobwino, iye n'kumati zonse zili m'malo. Pakatha miyezi ingapo amaona kuti buluzi uja sakugwiranso nthambi zolimba, miyendo ikunjenjemera, nsagwada yafewa moti akaluma chiwala chimapulumuka, msana wapindika. Thupi lakhala likudzibera lokha kashiamu m'mafupa. Pofika pamenepo kuchira n'kovuta. Oweta odziwa amagula babu lapadera la UVB, ndipo amalisintha pakatha miyezi 6 mpaka 12 ngakhale likuyakabe, chifukwa cheza chija chimatha babu lisanafe. Amawazanso ufa wa kashiamu pa tizilombo tomwe akumupatsa. Ndipo musati muchenjere n'kutulutsa bokosi lagalasi panja kuti aothere dzuwa lenileni. Dzuwa la Okutobala la kuno likalowa m'galasi, m'katimo mumasanduka uvuni.

Tsopano tengani zonsezi mubwere nazo ku Chilomoni kapena ku Nkolokosa. Mzinda wathu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakhuthuka, usiku kumazizira mpaka madigiri 13 kapena kutsika apo. Nthawi imene buluzi akufuna babu lake koposa ndi yomweyo imene magetsi angathe kuthima tsiku lonse. Babu la UVB si la pagolosale. Chakudya chake ndi tizilombo tamoyo, toyenda, chifukwa takufa sadya, ndipo tiyenera kukhala tating'ono, tosaposa kukula kwa mutu wake. M'dzinja ngumbi ndi ziwala zili mbwee, koma m'chilimwe mudzazitenga kuti tsiku ndi tsiku? Ndipo si kachilombo kalikonse. Nunkhadala ali ndi poizoni wochokera ku zomera zimene amadya. Ziwala za m'munda momwe mwapoperedwa mankhwala a mbozi, kapena mphemvu yogwa ndi mankhwala a m'nyumba, ndi imfa yoperekedwa pamanja.

Pali chinanso chimene makolo ayenera kudziwa. Abuluzi ambiri, ngakhale ooneka athanzi, amakhala ndi tizilombo ta salmonella m'matumbo, toyambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Dziko la United States linaletsa kugulitsa tiakamba ting'onoting'ono mu 1975 pa chifukwa chomwechi, ana atadwala ambiri. Wogwira buluzi kapena khola lake asambe m'manja ndi sopo, ndipo kholalo lisatsukidwire posukira mbale. Kunena zoona anole safunanso kugwiridwagwiridwa. Ukamugwira mchira amaudula yekha n'kukusiyira m'manja, ndipo umene umaphuka pambuyo pake sufanana ndi woyamba.

Wina anena kuti akatopa naye adzangomutsegulira apite kutchire. Apa mpamene ndimakana kwamtuwagalu. Pa zilumba za Ogasawara ku Japan, anole wobiriwira anafika m'zaka za m'ma 1960, ena akuti ngati chiweto, ena akuti anabisala m'katundu. Anaswana mosaletseka, n'kudya agulugufe, atombolombo ndi njuchi za pazilumbazo zimene sizipezeka kwina kulikonse, moti mitundu ina inasowa pa zilumba zimene iye anakhazikika. Kwawo komwe ku Florida nayenso anapeza womuposa. Anole wodera wochokera ku Cuba ndi Bahamas anamulanda nthambi za m'munsi, iye n'kuthawira m'mwamba mwa mitengo, ndipo kafukufuku amene Yoel Stuart ndi anzake anasindikiza mu 2014 anaonetsa kuti m'zaka 15 zokha timapazi tomatira ta pa zala za obiriwirawo tinali titakula kuti azigwira bwino nthambi zowonda. Ndiponso tisadziyese osalakwa. Nalimata amene amasaka njenjete pababu la pakhonde panupo, kwawo ndi kuno ku Africa, koma anakwera zombo ndipo lero wadzaza ku Brazil, ku Caribbean ndi ku Florida komweko. Buluzi akapeza dziko lofunda lokhala ndi tizilombo sapempha chilolezo kwa amfumu.

Ndiye tibwerere kwa mwana uja ndi chigubu chake, chifukwa nkhani yeniyeni ya mu Blantyre ili pamenepo. Wadula chigubu cha mafuta ophikira, waboola timabowo ndi msomali, waikamo udzu, kachitsekerero ka botolo kodzaza madzi, ndi kambamu ka nsima. Ena amaikamo tomato. Nanzikambe uja poyamba anali wobiriwira bwino, koma tsopano wada bii, ali ndi mawanga, wadzitukumula, akutsegula kukamwa n'kumapemerera. Mwana akuti taonani akusintha mitundu. Zoona akusintha, koma kuda kumeneko ndi mantha. Tsiku lachiwiri maso aja amene amatuzuka ayamba kulowa m'kati, chizindikiro cha ludzu. Lachitatu wagona pansi pa chigubu, pamene nanzikambe wathanzi sagona pansi. Mwanayo si wankhanza. Anamukonda, koma palibe amene anamuuza kuti nyama imeneyi sidya nsima, simwa m'mbale, ndipo siifuna kuonedwa.

Ife akuluakulu sitingamuuze chifukwa tinakula tikumuopa nanzikambe. Tinamva kuti Chauta adamutuma kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, iye n'kumayenda monyang'wa, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wakuti akafa afiratu. M'midzi ina anthu ankamubwezera pomuthira fodya wa m'mphuno kukamwa kuti afe. Mu nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imene wansembe Matthew Schoffeleers anailemba pamodzi ndi zina zambiri za makolo athu, munthu atapeka moto n'kuyatsa tchire, nanzikambe adathawira mumtengo, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ine nthano yachiwiriyi ndimaikonda kuposa yoyamba, chifukwa wolakwa m'menemo ndi woyatsa moto, osati wothawa. Koma imene inakhazikika m'mitima ndi yoyamba ija, pamodzi ndi mphekesera zakuti akakuluma bala silipola, kapena khungu lako liyamba kusinthasintha.

Nanzikambe alibe ululu uliwonse. Akakuluma, ndiye kuti wamufinya, ndipo n'kungosamba ndi sopo basi. Zimene ali nazo n'zodabwitsa kuposa mphekeserazo. Diso lililonse limayenda palokha, lina kutsogolo lina kumbuyo, koma akaona ntchentche onse awiri amalunjika pamodzi kuti ayeze mtunda. Lilime limatuluka kutalika kuposa thupi lake, mwaliwiro loti diso la munthu silitsatira. Za kusintha mtundu, asayansi a pa yunivesite ya Geneva motsogozedwa ndi Michel Milinkovitch anaonetsa mu 2015 kuti m'khungu mwake muli timiyala ting'onoting'ono tonyezimira, timene tikatalikirana kapena kuyandikana timabweza kuwala kwa mtundu wina. Ndipo sasintha kuti angofanana ndi pamene wakhala monga tinkauzirana kusukulu. Amasintha akazizidwa, akapsa mtima, akaona mkazi kapena mdani. Usiku amayera mbuu, n'kukagona kunsonga kwa kanthambi, moti ndi tochi mungamuone mosavuta kuposa masana.

Pamene ife tikumugenda, kunja akumufuna ndi ndalama. Kalilombe, nanzikambe wamkulu uja wa kanyanga pamphuno, amapezeka kuno, ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo amatha kufika masentimita 60. Pa anzake onse a kumtunda kwa Africa, kupatula a pachilumba cha Madagascar, palibe womuposa. Dzina lake la sayansi, Trioceros melleri, likukumbutsa Charles Meller, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone paulendo wa ku Zambezi. Pakati pa oweta a ku America, kalilombe anapatsidwa dzina lachipongwe lakuti nanzikambe wa masiku 90, chifukwa ogwidwa kutchire ambiri ankafa asanathe miyezi itatu: ludzu la paulendo, njoka za m'mimba, ndi mantha. Amenewotu ndi anthu okhala ndi mababu onse, magetsi osathima, ndi madokotala a zinyama zoterezi. Nanga chigubu cha ku Ndirande chingathe chiyani?

Ku Nsanje, m'mapiri otchedwa Malawi Hills, kuli kananzikambe kakang'ono, masentimita osakwana 7, kamene sikapezeka mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Colin Tilbury anakalongosola koyamba mu 1992, ndipo asayansi amakatcha Rhampholeon chapmanorum. Nkhalango yake inadulidwa mpaka akatswiri anayamba kuganiza kuti kanatha. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Krystal Tolley wa ku South Africa, pamodzi ndi akatswiri a Museums of Malawi, linakayenda usiku ndi matochi m'timagawo ta nkhalango totsala, ndipo linakapeza kakadalipo. Lipoti lawo, limene linatuluka mu 2021, linati pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a nkhalangoyo anatha kuchokera mu 1984. Phiri la Mulanje nalo lili ndi anzake amene kwawo ndi komweko basi. N'chifukwa cha nyama ngati zimenezi kuti mu 2016, pamsonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, tiananzikambe ta mtundu umenewu tinaikidwa pa mndandanda wa zamoyo zimene sizituluka m'dziko popanda chilolezo. Ananzikambe akuluakulu aja anali kale pamndandandawo. Kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka chilango chimafika zaka 30. Wina akakuuzani kuti mumutolere ananzikambe m'thumba pali kasitomala wakunja, kapena inu mukafuna kuitanitsa buluzi kuchokera ku Johannesburg, yambani mwafunsa ku nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire. Musayambe ndi kutola.

Tsono mwana wokonda abuluzi timuuze chiyani? Ine sindikuti timukalipire. Mwana amene amatha kukhala chete theka la ola akuyang'ana kanyama ndi wosowa masiku ano, ndipo mwa ana oterewa ndimo mumatuluka akatswiri ngati aja anakayenda usiku ku Nsanje. Ndikuti timuonetse kuti khola labwino koposa lili kale pakhomo, ndipo ndilo tikuligwetsa.

Yendani ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ku Sunnyside, kapena ku Chigumula. Pamene panali mpanda wa maluwa ndi mitengo, lero pali khoma la njerwa, pamwamba waya wamagetsi, pabwalo ponse simenti. Palibe amene angadzudzule munthu poopa akuba. Koma nanzikambe sakwera khoma losalala, ndipo wamkazi safukula simenti kuti aikire mazira. M'makomboni vuto ndi lina: malo ndi ochepa, mtengo uliwonse ndi nkhuni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 800,000 mumzinda muno, ndipo amene anaona phiri la Ndirande lili ndi mitengo akudziwa chimene chachitika. Soche, Mpingwe ndi Bangwe atsatira njira yomweyo, Michiru akulimbabe movutikira. Buluzi wa pamwala ndi nalimata amapirira, amakhala ndi ife ngakhale pakati pa Victoria Avenue. Nanzikambe ndi gulo amafuna mtengo.

Choncho ngati pakhomo panu pali kamalo, siyani kona imodzi yosalambula. Ngati khoma mwamanga kale, dzalani zitsamba m'mbali mwake, gwafa, mpanda wa maluwa, chilichonse cha nthambi zowonda zolukana. Unjikani miyala ingapo pamene dzuwa la m'mawa limafika, ndipo buluzi wamizere, amene amabereka ana amoyo osati mazira, adzabwera yekha kudzaothera. Masamba ouma musawatenthe onse, chifukwa m'menemo ndimo mumakhala chakudya chawo. Mankhwala opopera agwiritseni pamene afunikira, osati bwalo lonse. Mphaka amapha abuluzi ambiri kuposa ana onse a m'dera lanu, ndiye zitsamba zikhale zothithikana kuti pakhale pothawira. M'chilimwe mwana akathirira maluwa azidontheza madzi pamasamba, osati pamizu pokha. Mumupatse kope, azilemba amene wamuona, nthawi yanji, mtundu wanji, akudya chiyani. Akafuna anzake a mtima womwewo, bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947 ndipo lili ndi ofesi ku Limbe, lakhala likuyendetsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu kwa zaka zambiri.

Ngati mwana wagwira kale nanzikambe, musamutaye kudzala, musamutengerenso kutali. Mubwezeni pachitsamba chimene anatengedwa, tsiku lomwelo, ndipo muwaze timadzi pamasamba.

Chomaliza ndi cha inu a galimoto, a kabaza, ndi oyenda pansi. Kumapeto kwa dzinja, cha m'Malichi mpaka Meyi, mudzaona nanzikambe wonenepa akudutsa msewu wa tala pang'onopang'ono. Kawirikawiri ameneyo ndi wamkazi wodzaza mazira, watsika mumtengo kukafuna dothi lofewa. Akalipeza amakumba dzenje ndi timanja take, ntchito ya tsiku lonse kapena kupitirira, n'kuikiramo mazira opitirira 20, kukwirira, n'kuchoka osabweranso. Mazirawo amakhala m'nthaka miyezi yambiri, nthawi zina pafupifupi chaka. Tayala likamuponda, laponda onsewo. Ngati mukuopa kumugwira, palibe chifukwa chomugwirira. Tolani kamtengo, mukaike patsogolo pa miyendo yake, akwera yekha. Mukamutule kutsidya kumene amalowera, osati kumene wachokera, chifukwa mukamubweza ayambiranso kuwoloka inu mutapita.